Rabi wa gitala: mbiri ya Shlomo Carlebach

Aphunzitsi anzanga, ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga m'kalasi la History, mukukumbukira momwe timamalizira mutu wa Hitler. Timafika pa chaka cha 1945, n'kulemba pa bolodi kuti Ayuda okwana 6 miliyoni anaphedwa, ana n'kukopera m'makope, belu n'kulira. Sabata yotsatira tili kale pa United Nations. Tsiku lina mtsikana wina wa Folomu 4 anakweza dzanja n'kundifunsa kuti: "Aphunzitsi, nanga amene anatsala aja anatani? Ankapempherabe?" Ndinamuyankha mongodula chifukwa silabasi inali itatitsalira yambiri, koma funsolo silinandichoke. Lero ndati ndiliyankhe bwinobwino podzera m'mbiri ya munthu mmodzi.

Munthuyu ndi Shlomo Carlebach, rabi wa Chiyuda amene pakati pa chaka cha 1966 anakwera pa nsanja ya chikondwerero cha zoyimbayimba cha Berkeley Folk Music Festival ku California, m'dziko la America. Pa chikondwerero chomwecho panayimbanso Pete Seeger ndi gulu la nyimbo za rock la Jefferson Airplane. Owonerera ambiri anali anyamata ndi atsikana a ku yunivesite, a tsitsi lalitali, otopa ndi nkhondo ya ku Vietnam, otopanso ndi chipembedzo cha makolo awo. Kutsogolo kwawo kunaima bambo wandevu wa zaka 41, kachipewa ka Ayuda kali pamutu, gitala ili pachifuwa, akuyimba mawu a m'Masalimo m'Chiheberi, chinenero chimene ambiri a iwo sankachimva n'komwe. Dzina loti rabi limatanthauza mphunzitsi. Choncho iyi ndi nkhani ya mphunzitsi mnzathu, ndipo ndikuchenjezeni kuti kumapeto kwake kuli mbali yowawa kwa ife a choko.

Carlebach anabadwa pa 14 January 1925 ku Berlin, m'dziko la Germany. Anabadwa mapasa, mnzake anali Eli Chaim. Urabi unali wa kumtundu: agogo ake anali rabi wa mzinda wa Lübeck, bambo ake a Naphtali Carlebach anali rabi, abale awo angapo chimodzimodzi. Mu 1931 banjali linasamukira ku Baden, pafupi ndi Vienna ku Austria. Mu 1938, chaka chimene Hitler anameza Austria, linanyamukanso. Shlomo anadzera ku Lithuania, ndipo anafika ku New York mu 1939 ali ndi zaka 14. Bambo ake aakulu, a Joseph Carlebach, amene anali rabi wamkulu wa ku Hamburg, anatsala ndi anthu awo. Kumapeto kwa 1941 anatengedwa kupita kufupi ndi mzinda wa Riga ku Latvia, ndipo mu March 1942 anawomberedwa pamodzi ndi akazi awo ndi ana awo aakazi atatu. Mukamamva kuti munthuyu ankayimba nyimbo zachisangalalo, muzikumbukira maliro amenewa.

Ku America mnyamatayu analowa m'sukulu za Ayuda zimene amazitcha yeshiva, kumene amuna amakhala tsiku lonse akuwerenga ndi kutsutsana pa mabuku a malamulo a chipembedzo chawo, makamaka Talmud. Anaphunzira ku Lakewood, m'chigawo cha New Jersey, pa sukulu imene Rabi Aharon Kotler anakhazikitsa mu 1943 n'cholinga chodzutsanso maphunziro amene nkhondo inali kufafaniza ku Ulaya. Shlomo ankadziwika ngati mmodzi wa ophunzira akuthwa mutu kwambiri. Njira yake inali yolambulidwa kale: kukhala katswiri wa mabuku, kenako mkulu wa sukulu yotere.

Koma mtima wake unakopeka ndi gulu lina la Ayuda, la Achasidi. Gulu limeneli linayamba m'zaka za m'ma 1700 m'dera limene lero ndi Ukraine, motsogozedwa ndi mphunzitsi wotchedwa Baal Shem Tov. Chiphunzitso chake chinali chakuti munthu wamba wosadziwa mabuku angathe kufika kwa Mulungu ndi chimwemwe, nyimbo, kuvina ndi nthano. Achasidi ali ndi chuni chimene amachitcha nigun, chomwe nthawi zambiri sichikhala ndi mawu: amangong'ung'udza pamodzi, kubwerezabwereza mpaka mtima utasungunuka. Carlebach anayamba kupitapita kwa Achasidi a Chabad, amene likulu lawo lili ku Brooklyn, mumzinda wa New York womwewo.

Tsono apa m'pamene pali yankho la funso la mtsikana uja. Nkhondo itatha, midzi ya Ayuda ya ku Poland, Lithuania ndi Ukraine inali itasanduka mabwinja, ndipo gulu lalikulu la Ayuda pa dziko lonse linatsala ku America. Kumeneko panalibe wowapha, koma panali vuto lina lachetechete. Ana ankakula osadziwa Chiheberi, sunagoge ankamuona ngati malo a nkhalamba zolira, ndipo ambiri ankafunsa kuti Mulungu anali kuti pamene agogo awo ankatenthedwa. Akalowa ku koleji ankasiyiratu zonse. Mu 1949 mtsogoleri wa Chabad, Rabi Yosef Yitzchak Schneersohn, anatuma anyamata awiri, Shlomo Carlebach ndi Zalman Schachter, kuti azipita m'makoleji kukalankhula ndi achinyamata amenewa. Ulendo wawo woyamba unali wa ku Brandeis University, pafupi ndi Boston.

Aliyense wa ife amene anaimapo kutsogolo kwa kalasi lomwe latsimikiza kuti lero silimva, akudziwa chimene anakumana nacho. Ulaliki sunkawakhudza anawo, koma akayamba nyimbo ankasendera pafupi. Anaphunzira gitala ali wamkulu kale, ndipo kuwerenga manotsi a nyimbo sanakuphunzire mpaka imfa yake. Mu 1954 anadzozedwa kukhala rabi ndi Rabi Yitzchak Hutner, koma pa nthawiyo mkangano ndi akuluakulu ake unali utayamba kufuka. Mwambo wa Ayuda osunga malamulo umalekanitsa amuna ndi akazi popemphera, ndipo sulola mwamuna kumvetsera mkazi akuyimba. Carlebach anaona kuti akaumirira zimenezi, theka la anthu amene anawatsatira lituluka pakhomo. Anayamba kuwalola kukhala ndi kuyimba pamodzi, ndipo pakati pa zaka za m'ma 1950 anasiyana ndi Chabad. Mapanga awiri avumbwitsa: kwa arabi anzake anasanduka munthu wotaya mwambo, pomwe kwa oyimba a m'mabala anali wansembe wosokera.

Anayamba kuyimba m'timalo ta usiku ta ku Greenwich Village ku New York, komwe Bob Dylan ndi anzake anatchukira. Chimbale chake choyamba, Haneshama Lach, chinatuluka mu 1959, ndipo mu 1963 kampani ya Vanguard inatulutsa china chojambulidwa iye akuyimba pamaso pa anthu pa malo otchedwa Village Gate. Ndamvetsera zina mwa nyimbo zimenezi, ndipo chinsinsi chake n'chosavuta kuchigwira ngakhale kwa ine wosadziwa Chiheberi. Ankatenga ndime imodzi kapena ziwiri za m'Masalimo kapena za m'buku la mapemphero. Zala zake zinkangosinthana malo atatu kapena anayi pa gitala. Nyimbo imayamba pansipansi, mbali yachiwiri n'kukwera, kenako n'kubwereranso pansi, mobwerezabwereza, mpaka munthu amene wangoimva koyamba amapezeka akuyimba nawo. Pakati pa nyimbo ankakamba nthano za arabi akale a ku Poland, zala zikukhwekhweza zingwe pang'onopang'ono. M'sunagoge mwambo unali woti katswiri mmodzi wa mawu okoma ayimbe, mpingo umvetsere. Iye anatembenuza zimenezi, nyimbo n'kuipereka kwa mpingo.

Nyimbo yake yodziwika koposa inabadwira pa ndale. M'dziko la Soviet Union boma linkatseka masunagoge, kuletsa kuphunzitsa Chiheberi, komanso kukaniza Ayuda kutuluka m'dzikomo. Mu 1964 Jacob Birnbaum anayambitsa ku New York bungwe la ophunzira lotchedwa Student Struggle for Soviet Jewry lolimbana ndi zimenezi, ndipo anapempha Carlebach kuti apeke nyimbo yoti aziyimba pa ziwonetsero. Mu 1965 inatuluka Am Yisrael Chai, nyimbo ya mawu ochepa kwambiri yolengeza kuti mtundu umene unafuna kufafanizidwa udakalipo. Inafalikira mpaka mkati mwa Soviet Union momwemo, ndipo mpaka pano Ayuda amaiyimba pa misonkhano ndi pa maukwati, ambiri osadziwa n'komwe kuti ili ndi mwini wake amene anaipeka.

Tibwerere ku California kuja. Chikondwerero cha ku Berkeley chinamuonetsa chinthu chimene sanachiyembekezere: pakati pa achinyamata a tsitsi lalitali aja panali ana a Ayuda ochuluka, amene ankafunafuna Mulungu mwa aphunzitsi a ku India, m'chamba ndi m'mankhwala ozunguza bongo otchedwa LSD. Mu 1967 achinyamata pafupifupi 100,000 anakhamukira ku dera la Haight-Ashbury mumzinda wa San Francisco, kutsidya kwa nyanja kuchokera ku Berkeley. Ambiri anali othawa pakhomo, ogona m'misewu. Mu 1968 otsatira a Carlebach anatsegula nyumba mumzindamo imene anaitcha House of Love and Prayer, kutanthauza nyumba ya chikondi ndi pemphero. Aliyense ankalowa, Myuda ndi wosakhala Myuda, n'kudya, n'kugona. Lachisanu dzuwa likalowa ankayatsa makandulo a Sabata, n'kuyimba ndi kuvina mpaka usiku. Ena mwa amene analowa m'nyumbamo ataledzera ndi mankhwala anadzakhala arabi ndi aphunzitsi a chipembedzo.

Arabi ambiri sanamukhululukire. Ankati wachepsa mawu oyera powayimba pa nsanja imodzi ndi magitala amagetsi, ndipo sukulu zina za yeshiva sizinkafuna n'komwe kuti dzina lake litchulidwe, ngakhale ophunzira ake ankayimba nyimbo zake. Koma iye anangopitiriza. Bambo ake atamwalira mu 1967, iye ndi Eli Chaim anatenga utsogoleri wa sunagoge wawo pa West 79th Street ku Manhattan, ngakhale nthawi yambiri Shlomo ankakhala ali paulendo. Pakati pa zaka za m'ma 1970 otsatira ake ena anasamukira ku Israel n'kukhazikika m'mudzi wa Mevo Modi'im, pakati pa Jerusalem ndi Tel Aviv, mudzi umene nyumba zake zambiri zinapsa ndi moto wolusa mu May 2019. Mu 1989 anakayimba ku Poland, dziko limene msasa wa Auschwitz uli, pamaso pa anthu amene ambiri sanali Ayuda. Ankayimbanso ku Germany kumene anabadwira. Ayuda ena zimenezi zinawapweteka, poti mabala anali asanapole.

Amene anamuona amasimba za munthu amene ankachedwa pa zochitika zake chifukwa chopatsa moni ndi kukumbatira aliyense. Munthu aliyense, ngakhale wopemphapempha wa mumsewu, ankamutcha m'bale woyera kapena mlongo woyera. Ndalama sizinkagona m'thumba mwake. Pa 20 October 1994 anadwala mtima ali m'ndege pa bwalo la LaGuardia ku New York, n'kumwalira ali ndi zaka 69, ali mmphawi. Anaikidwa ku manda a Har HaMenuchot ku Jerusalem. Atangofa, makomo amene ankamutsekera anatseguka. Masunagoge ambiri ku Israel, America ndi kwina anayamba kuyendetsa mapemphero a Lachisanu madzulo ndi chuni chake, mwakuti mapemphero oterewa amadziwika ndi dzina lake. Mu 2013 sewero la moyo wake lotchedwa Soul Doctor, lokamba za ubwenzi wake ndi woyimba Nina Simone, linaonetsedwa ku Broadway.

Ndikanakonda kuimira pamenepa, koma chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Mu 1998 magazini ya amayi a Chiyuda yotchedwa Lilith inatulutsa nkhani yolembedwa ndi Sarah Blustain, momwe amayi angapo anafotokoza kuti Carlebach ankawagwiragwira mosayenera, kuwapsompsona mowakakamiza, ndi kuwaimbira foni pakati pa usiku n'kumalankhula zosayenera. Ena mwa iwo anali atsikana aang'ono pa nthawiyo. Nkhanizi zinali zochokera ku malo ndi zaka zosiyanasiyana, koma zinkafanana. Iye anali atamwalira kale, choncho sanayankhepo ndipo palibe khoti limene linaweruza. Otsatira ake ambiri anakwiya, ena n'kuyesetsa kuti nkhaniyo isatuluke, ponena kuti n'kulakwa kunyoza wakufa amene sangadziteteze. Koma m'zaka zotsatira amayi enanso anatulukira poyera. Zinadziwikanso kuti anthu ena ozungulira iye ankamva manong'onong'o iye adakali moyo.

Gulu la MeToo litabuka mu 2017, nkhaniyi inadzukanso. Central Synagogue ya ku New York inaimitsa nyimbo zake kwa chaka chathunthu. Mu January 2018 mwana wake wamkazi, Neshama Carlebach, amene nayenso ndi woyimba, analemba poyera kuti wawamva amayiwo, akuvomereza kuti bambo ake anapweteka anthu, koma bambo akewo amawakondabe. Kuyambira pamenepo mipingo ya Chiyuda sigwirizana chimodzi. Ina inasiya nyimbo zake. Ina imaziyimba osatchula dzina lake, ponena kuti mawuwo ndi a m'Masalimo ndipo chuni chinasanduka cha anthu onse. Ina imapitiriza monga kale.

Chimene chimandisautsa ine monga mphunzitsi ndi ichi. N'kosavuta kunena kuti panali anthu awiri, Carlebach wabwino wa nyimbo ndi Carlebach woipa wa mumdima, koma ndikamawerenga mbiriyi sindikuona anthu awiri. Chimene chinakoka ana otayika aja n'chakuti anagwetsa mpanda wa pakati pa rabi ndi wophunzira: ankakhala nawo pansi, kuwakumbatira, kuwauza kuti ndi amtengo wapatali pamene kwawo anawataya. Mpanda womwewo ndi umene ukanateteza mtsikana wa zaka zochepa kwa bambo wamkulu amene aliyense ankamuona ngati woyera. Ndipo pokhala kuti anali atachoka pansi pa ulamuliro wa akuluakulu ake, panalibe womuitana n'kumufunsa. Mtsikana akadandaule kwa ndani, pamene onse omuzungulira akuti munthuyu ndiye anapulumutsa moyo wawo?

Ndikunena izi ndili ndi manyazi anga. Pa sukulu ina imene ndinaphunzitsapo nditangoyamba ntchito, panali mnzathu wina wotsogolera kwaya. Ana ankamukonda kuposa tonsefe, ndipo chikondicho chinali ndi zifukwa zake: ankalipirira fizi ana amasiye kuchokera m'thumba mwake, ndipo anyamata amene ife tinawalephera iye ankawabweza m'kalasi. Mtsikana wina atadandaula za zimene zinkachitika akamaliza kuphunzira nyimbo madzulo, ife mu staff room tinati ndi nsanje za ana aakazi, tisamuipitsire mbiri munthu wothandiza chonchi. Ineyo sindinanene kuti mtsikanayo akunama, koma sindinanenenso kanthu kena kalikonse. Teremu yotsatira desiki yake inali yopanda munthu. Zabwino zimene mnzathuyo ankachita zinali zoona, ndipo n'zomwezo zimene tinatsekera nazo makutu.

Choncho sindikugwirizana ndi amene amafuna kuti Carlebach afufutidwe m'mbiri, chifukwa munthu sangafotokoze momwe mapemphero a Ayuda anasinthira kuyambira m'ma 1960 osamutchula. Sindikugwirizananso ndi amene amasimba za gitala ndi opemphapempha okha, n'kusiya amayi aja kunja ngati kuti ndi miseche. Ife a History tili ndi chizolowezi chogawa anthu m'magulu awiri pa bolodi, ngwazi uku, zigawenga uku, chifukwa n'zosavuta kuchonga pa mayeso. Mwana amene waphunzira chonchi amakula akukhulupirira kuti munthu wochita zabwino sangamupweteke, ndipo tsiku limene zamuchitikira amadziimba mlandu yekha.

Kwa iwe mwana wanga amene unafunsa funso lija, ngati mawuwa akupeza kumene uli: inde, ambiri mwa otsala aja ankapempherabe, ena anasiya, ndipo ana awo ena anabwerera ku sunagoge potsata kulira kwa gitala ya mwana wa ku Berlin amene bambo ake aakulu anawomberedwa kufupi ndi Riga. Munthu yemweyo anapwetekanso ena mwa amene anamukhulupirira, ndipo panatenga zaka zambiri kuti amayiwo amvedwe. Teremu ino ndikafika pa 1945 ndipatula piriyodi imodzi, ndiwaimbitse ana nyimbo yake imodzi pa foni, ndiwasimbire mbiri yonseyi osadumphako, kenako ndiwafunse kuti akanakhala akulu a mpingo akanaiyimbabe kapena ayi. Aphunzitsi anzanga, inunso kayeseni m'makalasi mwanu, ndipo mumvetsere kwambiri zimene atsikana ayankhe.